Mayina Amene Khonsolo Inakana

Ilford, London
17 Novembala, 2024

Okondedwa Achemwali a Callista,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kwa Namitambo, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukusautsani. Ine kuno ndilipo, thupi likuyenda, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino, ndipo ikamakwana folo koloko kunja kumakhala kutayamba kale kuda. Ndikudziwa kuti mudabwa kulandira envelopu, poti tinazolowera kulankhulana pafoni Loweruka lililonse. Ndikukuonani kale mukuitembenuzatembenuza n'kumadzifunsa kuti kaya wamwalira ndani. Sanamwalire aliyense. Kungoti nkhani ili apayi ndinafuna kukuuzani dzulo pafoni, koma inu mutayamba za mbuzi zolowa m'munda mwanu ine ndinangoti eya, eya, mpaka tinatsanzikana. Muiwerenge nokha, magalasi anu a uphunzitsi aja ali pamphuno. Musapatse munthu kuti akuwerengereni.

Ndiyambe ndi msewu. Zenera la nyumba imene ndikukhalayi linayang'ana msewu waukulu wochokera kuno ku Ilford kupita ku Romford. Msewu umenewu ndimaudziwa kuposa njira ya kumunda kwathu, chifukwa ndinayendetsamo basi zaka 26 ndisanapume pantchito. Kale unali msewu wabwinobwino. Lero amanga nyumba zosanjikizana mbali zonse, magalimoto achuluka, ndipo kuyambira seveni koloko m'mawa mpaka cha m'ma teni amangoima mondondozana, injini zikulira, utsi uli tolotolo. Madzulo chimodzimodzi. Makatani amene mlamu wanu Etta ankachapa mwezi uliwonse tsopano ada bii, poti ine ndimaiwala.

Za imfa ya Etta ndinakuuzani kuti unali mtima, ndipo ndi zoona. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti ambulansi inaima pamsewu umenewu. Linali Lachisanu m'mawa, nthawi ya ana a sukulu. Dalaivala anayesetsa kuliza, magalimoto nawo anayesetsa kupatuka, koma apatukira kuti, kumanzere basi, kumanja lole? Ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu tinauyenda mphindi makumi anayi, ine nditagwira phazi lake, chifukwa kumutu kunali achipatala awiri. Madokotala anandiuza kuti ngakhale tikanafika msanga mwina sizikanathandiza. Mawu oti mwina amenewo ndakhala nawo zaka ziwiri tsopano.

Pafoni ndimakuuzani kuti ndili ndi anzanga ambiri. Limenelo ndi bodza, Achemwali, ndimangofuna kuti musade nkhawa. Mwana wanga Walter amaimba kuchokera ku Glasgow, amandifunsa m'Chingerezi ngati ndikudya, ine n'kumuyankha m'Chichewa kuti ndikudya, basi tamvana. Anansi anga ndi anthu abwino, koma kuno ubwino wa mnansi ndi kusakusowetsa mtendere, ndiye amandichitira ubwino umenewo tsiku ndi tsiku. Panali sabata ina chaka chatha ndinazindikira Lachinayi kuti chiyambire Lamlungu sindinatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Ndinachita kutsokomola kuti ndimve ngati mawu akadalimo.

Ndiye mu Febuluwale chaka chino kunagogoda munthu pakhomo. Anali mayi wachitsikana, wazaka ngati makumi atatu, atanyamula mapepala. Anati dzina lake ndi Fiona, amagwira ntchito mushopu yamankhwala ili tsidya la msewu, ndipo iye ndi anzake ayambitsa gulu lofuna kuti khonsolo ikonze msewuwu. Ankalankhula Chingerezi, koma khutu langa linamva za kwathu m'mawu akewo. Ndinamufunsa m'Chichewa kuti kumudzi ndi kuti. Anatsala pang'ono kugwetsa mapepala aja. Anati ndi wa ku Kawale ku Lilongwe, anabwera kudzaphunzira ku yunivesite n'kupeza ntchito konkuno. Kenako anayang'ana kachikwangwani ka pachitseko panga, pamene palembedwa kuti W. Chileshe.

"Ankolo, ndinu a ku Zambia eti? Koma Chichewa chanu ndi cha deep bwanji!"

"Ndinakwatira kwanu," ndinatero. Yankho limeneli ndalipereka kwa zaka zoposa makumi anayi, moti limangotuluka lokha.

Inu mukudziwa kumene dzina la Chileshe linachokera, poti mwalilemba pa maenvelopu osawerengeka, koma sitinakhalepo pansi n'kulikamba bwinobwino. Munali kale pabanja mu 1973 pamene ine, ndili kalaliki ku Limbe, ndinasaina kalata yodandaula kuti amayi akubwezedwa pamsika ndi pachipatala chifukwa chosowa khadi la chipani. Tinasaina anyamata khumi ndi anayi. Pomatha sabata, khumi ndi mmodzi anali atatengedwa, ndipo ankachita kuwerenga mayina pa pepala lathu lomwelo. Ine ndinathawira ku Ndola, kumene banja lina lachifundo linandipatsa mapepala a mwana wawo amene anamwalira, Wilbroad Chileshe. Ndinalowa nawo m'dziko lino mu 1979. Pasipoti, laisensi, kalata yaukwati, kaundula wa ovota, monsemo ndine Wilbroad. Zinthu zitasintha kumudzi, dzinalo linali litakhazikika kale, Walter naye ndi Chileshe, ana akenso ndi a Chileshe. Munthu yekha amene ankanditchula kuti Bester kuno anali Etta, chitseko chikakhala chotseka, ndipo kawirikawiri ndikakhala kuti ndamulakwira.

Gulu la Fiona linkakumana Lachiwiri lililonse sikisi koloko madzulo m'kaholo ka tchalitchi china kuseri kwa msewu. Tinalipo khumi ndi awiri. Panali bambo wina wachimwenye wa golosale amene mwana wake amadwala mphumu chifukwa cha utsi, mayi wina wachizungu amene anali mphunzitsi ngati inuyo, ndipo ukali wake ndi wanu womwewo, ndi ena a maiko osiyanasiyana. Tinkafuna zinthu ziwiri basi: kanjira kapadera ka mabasi ndi maambulansi, ndiponso kuti asinthe kayakidwe ka maloboti a pamphambano yaikulu. Malamulo a khonsolo yathu amati mukasonkhanitsa mayina 1,500 a anthu okhala m'deralo, makhansala onse amayenera kukhala pansi n'kukambirana dandaulo lanu. Tinayenera kupereka mayinawo Seputembala asanathe, kuti nkhaniyo ilowe pa ndondomeko ya misewu ya chaka chamawa.

Tsiku loyamba ndinakhala kumbuyo ndili chete. Kenako wina anayamba kufotokoza za maloboti aja molakwika, ndipo mukundidziwa, sindinapirire. Ndinaimirira n'kuwauza kuti vuto si magalimoto opita kutsogolo, koma okhotera kumanja, amene amapatsidwa masekondi asanu ndi atatu okha, ndiye amatseka onse a kumbuyo kwawo. Ndinawajambulira papepala. Anthu anakhala chete kumvetsera, Achemwali, kumvetsera ine. Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka katswiri wawo. M'mawa ndinkaima pamphambano ndi kachitsulo kowerengera magalimoto, nditavala jekete lowala. Patapita mwezi anandipatsa kiyi wa holo kuti ndizitsegula, kuyala mipando ndi kuwiritsa madzi a tiyi. Ndinkafika faifi koloko ngakhale kuti ntchito yonseyo ndi ya mphindi khumi. Ndinayambanso kusita malaya. Fiona ankandibweretsera mandasi okazinga yekha, olimba ndithu, koma ndinkawayamikira ndi mtima wonse. Ndinene mosabisa: msewu ndinkaufunadi chifukwa cha Etta, koma Lachiwiri lija ndinkalifunanso chifukwa cha ine mwini.

Mu Ogasiti mayina anali atayamba kuvuta. Fiona anandipatsa tsamba limodzi, la nambala 41, la mizere khumi ndi isanu.

"Ankolo, kuli azigogo aja mumapemphera nawo first Sunday. Mungatitengereko ma signature? Onse amakhala m'dera lomwe lino, si choncho?"

Ankanena za mapemphero amene akuluakulu a kwathu timachita kamodzi pamwezi kunyumba kwa a Bwalya, mkulu wazaka 84, ndi akazi awo mayi Daisy. Tinayamba tili ambiri m'zaka za m'ma 80, tsopano tatsala khumi ndi asanu. Ambiri mwa ife tinabwera njira imodzimodzi, kudzera ku Zambia kapena ku Tanzania. Aliyense ankadziwa mumtima kuti mnzake ali ndi dzina lobwereka, koma sitinkafunsana. Masiku amenewo pakati pa othawa pankakhalanso akazitape, ndipo chimene sukuchidziwa sungachiulule. Mantha anatha, chizolowezi chinatsala. Tayikana maliro, tavinirana maukwati a ana, koma ine kwa iwo ndinali a Chileshe, iwo kwa ine a Bwalya.

Titamaliza nyimbo ndi pemphero, tiyi ali patebulo, ndinatulutsa tsamba lija n'kufotokoza. Mayi Daisy ndi amene anayamba kulankhula.

"Pepala lodandaula boma? Bambo inu, mwaiwala chimene chinatibweretsa kuno?"

Ndinawauza kuti kuno n'kwina. Kuno munthu amatha kuima pakhomo pa khonsolo ndi chikwangwani, wapolisi n'kumamuteteza kuti galimoto isamugunde. Palibe amene amamangidwa chifukwa chosaina.

"Ngati ndi choncho," anatero a Bwalya, "yambani ndinu, tione."

Ndinatenga cholembera. Achemwali, sindinakonzekere, Mulungu ndi mboni. Ndinangoona mzere woyamba uli wopanda kanthu, pamwamba pake palembedwa kuti ife osaina m'munsimu tikupempha, ndipo ndinakumbukira pepala la ku Limbe lija. Dzanja linalemba kuti Bester Makwinja, kenako adiresi yanga ya pano. Ndinasaina mmene ndinkasainira ndili mnyamata, ndi kamchira kaja kumapeto kamene munkandiseka nako.

A Bwalya anakoka pepalalo, kuliyandikizitsa kumaso, n'kuwerenga mokweza pang'onopang'ono.

"Makwinja. Wa kuti ameneyu?"

"Wa kwa Namitambo, ku Chiradzulu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ndiye ine ndikadandaule boma ndi dzina la eni ake? Patseni cholembera." Analemba kuti Biswick Thombozi, n'kutiuza kuti kwawo ndi ku Ntcheu. Mayi Daisy, omwe aja ankakana, analanda cholembera n'kulemba kuti Daisy Thombozi. Anati, "Zaka makumi asanu ndili pabanja ndi Thombozi, koma lero ndi pamene ndalemba dzina la mwamuna wanga." Anaseka, kenako analira, kenako anasekanso.

Pepala linazungulira. Aliyense akalemba ankawerenga mokweza n'kutchula mudzi wake ndi mfumu yake. Kunapezeka kuti awiri amene akhala moyandikana m'tchalitchi zaka zonsezi anaphunzira pulayimale imodzi ku Nsanje. Asanu ndi mmodzi analemba mayina awo a masiku onse poti iwo sanabwereke, koma asanu ndi anayi tinalemba a kumudzi. Tiyi anazizira osamwedwa. Potsanzikana pakhomo a Thombozi anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Muyende bwino, a Makwinja." Chimwalirire Etta sindinamvepo kukoma ngati tsiku limenelo.

Ndili m'basi pobwerera, nzeru zinandibwerera pang'ono. Ndinadziwa kuti mayina amenewa sali m'kaundula aliyense wa dziko lino, ndipo choyenera chinali kung'amba tsambalo n'kukatenga lina. Ndinadzinamiza kuti ndani angakhale pansi kufufuza mayina chikwi ndi theka limodzilimodzi. Koma chilungamo chake n'chakuti sindinafune kuling'amba. Ndinkafuna kuti dzina limene bambo anandipatsa lilowe mu ofesi ya boma kamodzi kokha, pa pepala lodandaula, mwini wake n'kugona kunyumba kwake mwamtendere. Pansi pa tsamba lililonse pamakhala malo a dzina la wosonkhanitsa. Pamenepo ndinalemba kuti W. Chileshe, n'kukapereka kwa Fiona Lachiwiri. Iye anangowerenga kuchuluka kwa mizere n'kundithokoza.

Kumapeto kwa Seputembala tinakapereka mayina 1,562. Tinajambulitsa pamasitepe a khonsolo, ine ndili pakati nditavala suti yanga ya maukwati. Chithunzicho ndinakutumizirani pafoni, munati ndanenepa.

Yankho linabwera Lachinayi, masiku khumi apitawo. Anafufuza ndithu, limodzilimodzi. Anachotsa mayina makumi asanu ndi limodzi a anthu osaina kawiri, okhala kunja kwa dera, ndi osawerengeka. Zimenezo tinkaziyembekezera, ndipo tikanatsala ndi 1,502, tikanapambana ndi awiri. Koma anachotsanso asanu ndi anayi a pa tsamba 41. Kalatayo inati maadiresi ake ndi enieni, koma palibe umboni woti anthu a mayina amenewo amakhala kumeneko. Tinatsala 1,493. Sindikuwaimba mlandu a khonsolo, anachita ntchito yawo, ndipo analemba mwaulemu. Anawonjezera kuti ngati anthuwo angabweretse pepala lililonse losonyeza dzina ndi adiresi pasanathe masiku asanu ndi awiri, mayinawo abwezeretsedwa. Fiona anandiimbira ali wosangalala ndithu.

"Ankolo, it's nothing, ndi mistake yawo chabe. Muwauze azigogowo abweretse bill ya magetsi kapena bus pass. Tingofuna seven basi."

Ndinamufunsa, ngati kungocheza, ngati n'kotheka kupeza anthu ena asanu ndi awiri atsopano. Anati nthawi yolandira mayina atsopano inatha.

Loweruka masana ndinapita kwa a Thombozi. Ndinawapeza atakhala pafupi ndi hita yotenthetsa m'nyumba, bulangete lili pamiyendo. Ndinawafotokozera kuti pali njira imodzi yokha: kupita ku khonsolo ndi mapepala athu a Bwalya ndi Chileshe, n'kukanena kuti anthu a pa tsamba 41 ndi ifeyo, mayina awo ndi athu a kubadwa. Ndinati mwina palibe chimene chingachitike, mwina a khonsolo alibe nazo ntchito za zaka makumi asanu zapitazo.

"Mwina," anatero mkuluyo. "Nanga akandifunsa kuti Bwalya ndi ndani, ndikayankha chiyani? Akatumiza nkhaniyo ku ofesi ya mapasipoti? Ine sindikudandaula za ine, ndatsala pang'ono. Koma ana anga anayi ndi adzukulu khumi ndi mmodzi, onse mapepala awo aima pa Bwalya."

Mayi Daisy anaima pakhomo la khitchini akupukuta mbale imodzi yomweyo. "Munatiuza kuti kuno samanga munthu," anatero. Sanakalipe, koma bola akanakalipa.

Sindikudziwa ngati mantha awo ali ndi maziko. Mwina loya akanatiseka. Koma ndani angayese ndi adzukulu ake? Ngakhale ine ndikanapita ndekha kukaulula za ine, dzina limodzi silikanakwanira, ndipo aliyense wanzeru akanadziwa za asanu ndi atatu enawo. A Thombozi anandipempha kuti ndiwalonjeze kuti sinditchula munthu. Amene anabweretsa pepala m'nyumba mwawo ndine, amene anayamba kulemba ndine. Ndinalonjeza.

Lachiwiri ndinatsegula holo monga mwa nthawi zonse, ndinayala mipando, ndinawiritsa madzi. Anthu atafika Fiona anandiitanira kukhitchini n'kutseka chitseko. Anali ndi tsamba 41 m'manja, lojambulitsa. Nkhope yake inali itasintha, zinkaoneka kuti analiwerenga bwinobwino tsopano.

"Ankolo, mapepala aja ali kuti? Deadline ndi Thursday."

"Sabwera, mwanangu."

"Chifukwa? Akuopa? Ndipite ineyo ndikawafotokozere, ndili ndi galimoto."

"Usapite."

Anayang'ana tsambalo, kenako ine. "Ndiuzeni chilungamo. Anthu awa alipo kapena kulibe? Biswick Thombozi. Daisy Thombozi." Anawerenga onse mpaka kumunsi, n'kubwerera pamwamba. "Nanga uyu woyambayu? Bester Makwinja. Address yake ndi yanu, Ankolo, flat yanu yomwe. Inu mumakhala nokha. Ndi ndani ameneyu?"

Achemwali, mwana uja analitchula bwino, mwa kwathu, osati mmene azungu akanaliphwanyira. Kunali koyamba kulimva lonse lathunthu pakamwa pa munthu wosalidziwa, ndipo ndinatsala pang'ono kuvomera kuti wawa. Ketulo inali ikuwira kumbuyo kwanga. Ndinaganiza za bulangete la a Thombozi.

"Kulibe munthu woteroyo," ndinatero. "Ndinangopeka. Onse asanu ndi anayi ndinapeka ndine, kuti tsamba lidzaze."

Anatsitsa tsamba lija. Kenako anati, "Why, Ankolo? Miyezi eight tikuyenda khomo ndi khomo, mvula ikutinyowetsa. Mukanangobweretsa six enieniwo, tikanadziwa, tikanasaka ena. Inu ndi amene ndinkakudalirani kuposa wina aliyense." Misozi inalengeza, koma anaipukuta msanga n'kutsegula chitseko.

Anawauza anzathu m'Chingerezi, mwachidule, ine nditaima pambali pake. Palibe amene anakuwa. Kwathu bwenzi atanditukwana, wina n'kundigwira pakhosi, mawa lake n'kuyamba kuseka za nkhaniyo. Kuno ayi. Bambo wa golosale uja anangoyang'ana pansi, n'kutenga jekete lake, n'kutuluka. Mayi mphunzitsi anati n'zomvetsa chisoni kwambiri, kenako anandifunsa modekha ngati kiyi wa holo ndili naye pomwepo. Ndinamuchotsa pa mulu wa makiyi anga n'kumuika patebulo. Ndinanyamula mpando wanga n'kukausanja pakona pamene mipando imakhala, kenako ndinabwera kunyumba wapansi, m'mbali mwa magalimoto oima.

Dandaulo lathu silikambidwa chaka chino. Ndamva kuti ayambiranso kusonkhanitsa mayina mu Januwale, koma ndondomeko ya misewu ikhala itadutsa, ndiye chaka chathunthu chatayika. Pa gulu la pafoni anandichotsa Lachitatu m'mawa. Mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi ndinkatenga mushopu ya Fiona, kungowoloka msewu. Tsopano ndapempha kuti ndizikatenga ku Barking, ulendo wa mabasi awiri. Ndimamuona pazenera m'mawa akutsegula shopu. Kale ankayang'ana kumwamba kuno n'kukweza dzanja.

Lachinayi mayi Daisy anandiimbira. Anati amva kuti nkhani yatha bwino, palibe amene wabwera kudzafunsa, ndipo bambo ayambanso kudya. Anathokoza kwambiri. Kenako anazungulirazungulira n'kunena kuti ena mwa anzathu opemphera nawo adakali ndi mantha, bola mapemphero a Disembala ndipume kaye mpaka mitima ikhale pansi. Pomaliza anati, "Zikomo kwambiri, a Chileshe." Ndinayankha kuti zikomo, mayi Bwalya.

Sindikulemba kuti mundimvere chisoni kapena kuti mundiuze kuti ndinachita bwino. Ndinalakwa, ndipo ndikudziwa pamene ndinalakwira: osati kukhitchini kuja, koma m'basi muja. Dzulo m'mawa ambulansi inaima pansi pa zenera langa ikulira, magalimoto atayizinga mbali zonse. Ndinayang'ana wotchi, inakhala mphindi zisanu ndi chimodzi isanafike pamphambano. Sindikudziwa amene anali m'katimo. Ndinatseka katani n'kukhala pansi, ndipo manyazi amene ndinamva sindingathe kuwalemba. Ndili ndekha, Achemwali, kuposa mmene ndinalili Fiona asanagogode, chifukwa nthawi ija ndinali nditaiwala mmene kukhala ndi anthu kumakomera.

Walter sindinamuuze, ndipo inunso musamuuze. Akubwera pa Khirisimasi ndi ana, akhala masiku awiri.

Tsopano pempho langa. Musutikesi yachitsulo ya malemu amayi, imene munatenga nyumba yawo itagwa, munkakhala makhadi athu a ubatizo, atakulungidwa m'kansalu kobiriwira. Ngati chiswe sichinadye, mundifunireko langa. Likasowa, mwina mupeza satifiketi yanga ya fomu thuu, kapena lipoti lililonse la kusukulu, ngakhale lija ndinalephera masamu, sindidandaula. Muliike pakati pa makatoni awiri kuti lisapindike, ndipo pa envelopu mulembe monga mwa nthawi zonse, kuti wapositi asabwerere nalo. Musaope, sindikaonetsa khonsolo kapena munthu wina aliyense. Ndiliika m'dirowa. Ndafufuza nyumba yonse ino, mafaelo onse, ndipo mulibe pepala ndi limodzi lomwe lonena kuti munthu amene ndinamukana Lachiwiri uja anabadwapo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana ndi adzukulu onse. Mukapita kumanda kukalambula mvula isanalimbe, muwauze bambo ndi amayi kuti ndikadalipo. Ndipo ngati m'mudzimo mwatsala wina aliyense wa msinkhu wathu amene angandikumbukire, mumupatse moni, koma musanene kuti wachokera kwa achimwene a ku Ulaya. Munditchule dzina, kuti limveke panja.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Bester